Zidole za ku China ndi Mwinoghe wa ku Chitipa: Mafunso ndi Mayankho pa Luso la M'dera

Msewu wa phula wa makilomita 101 wochokera ku Karonga kukafika ku Chitipa unamangidwa ndi thandizo la boma la China pambuyo poti dziko la Malawi lathetsa ubale wake ndi Taiwan kumapeto kwa chaka cha 2007, motero kwa anthu ambiri a m'boma la Chitipa dzina la China limabweretsa m'maganizo makina ogumula mapiri, milatho ndi katundu wa m'masitolo. Pali mbali ina ya dzikolo imene sidziwika kwenikweni ku Malawi, ndiyo luso la anthu a kumudzi, ndipo pakati pa maluso otere masewero a zidole ndi amodzi mwa akale kwambiri. Nkhani yawo ndi yoyenera kumveka ku Chitipa chifukwa bomali nalo lili ndi gule wake, Mwinoghe, amene analembedwa m'kaundula mmodzi wa bungwe la UNESCO ndi masewero a zithunzithunzi a ku China, ndipo mavuto amene eni zidole akhala akulimbana nawo angathe kufikanso kwa eni gule wa m'mapiri a Misuku.

Kodi masewero a zidole ndi chiyani, ndipo amasiyana bwanji ndi zoseweretsa za ana?

Masewero a zidole ndi zisudzo zimene anthu a m'nkhani amaimiridwa ndi zifaniziro zosema pamtengo kapena zodula pachikopa, pamene munthu wamoyo amabisala kuseri kwa chinsalu, kapena kuima pamalo okwera, n'kumaziyendetsa, kuziyankhulira ndi kuziimbira. Ku Malawi chidole chimadziwika ngati choseweretsa cha mwana, koma ku China kwa zaka mazana ambiri zidolezi zinkaonetsa zisudzo zathunthu za akuluakulu, zokhala ndi oimba, oomba ng'oma ndi oliza zitoliro, ndipo sewero limodzi linkatha kuchezera usiku wonse ngakhalenso kupitirira masiku angapo. Magulu a otenga mbali ndi omwewo a m'zisudzo zoimba za anthu amoyo: sheng ndi mwamuna, kaya wophunzira kapena wankhondo, dan ndi mkazi, jing ndi munthu wa nkhope yopakidwa utoto wosonyeza khalidwe lake, ndipo chou ndi wanthabwala. Woonera wozolowera amadziwa mtima wa chidole chikangotulukira, poti nkhope yofiira imasonyeza kukhulupirika ndi kulimba mtima pamene yoyera mbee imasonyeza chinyengo. Nkhani zambiri zimachokera m'mabuku akale ndi m'nthano, monga Sanguo Yanyi, yonena za nkhondo za maufumu atatu, ndi Xiyou Ji, yonena za ulendo wa mmonke wachibuda wopita ku India moperekezedwa ndi nyani wamatsenga Sun Wukong, kotero kuti mlimi wosadziwa kuwerenga ankaidziwa mbiri ya dziko lake kudzera pa kansanja ka pabwalo la kachisi.

Zidolezi zimayendetsedwa motani?

Zotchuka kwambiri ndi za zingwe za mumzinda wa Quanzhou, m'chigawo cha Fujian kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Chidole chimodzi chimalendewera pa zingwe zoyambira pa 16 mpaka kupitirira 30, zonse zomangidwa ku kathabwa kamene woseweretsa amagwira ndi dzanja limodzi, zala za manja onse awiri zikusankha chingwe choyenera pa nthawi yake. Katswiri amatha kuchititsa chidole kuti chitole chikho, chithiremo chakumwa, chigwire cholembera kapena chigwedeze mapewa ngati munthu amene akulira, ndipo wophunzira amatha zaka zingapo akuloweza kayendedwe koyambirira kokha, monga kuyenda, kugwada ndi kukhala pansi, asanaloledwe kutenga mbali yaikulu. Ku Zhangzhou ndi ku Jinjiang, m'chigawo chomwecho, kuli zidole zovala m'manja zotchedwa budaixi, zazitali pafupifupi masentimita 30, zimene chala cholozera chimalowa m'mutu pamene chala chachikulu ndi zala zotsalazo zimalowa m'mikono, ndipo ubwino wake ndi liwiro, chifukwa munthu mmodzi amatha kumenyanitsa asilikali awiri, wina kudzanja lamanja wina kumanzere. Zidole za ndodo, zimene zimanyamulidwa m'mwamba ndi mtengo wochirikiza mutu ndi timitengo tiwiri toyendetsa manja, zimapezeka ku Guangdong, ku Hunan ndi ku Sichuan, ndipo za kumpoto kwa Sichuan zimatalika pafupifupi ngati munthu.

Masewero a zithunzithunzi ali pagulu lakelake. Zifaniziro zake ndi zafulati, zodulidwa ndi timipeni pachikopa chopalidwa mpaka kuwala kumadutsamo, kenako n'kupakidwa utoto ndi kulumikizidwa ndi ulusi m'mapewa, m'zigongono ndi m'mawondo. Woseweretsa amazikanikiza kuseri kwa chinsalu choyera, nyali ili kumbuyo, ndipo oonera amene ali kutsogolo amaona chithunzithunzi cha mitundu yowala chikuyenda. Nthawi zambiri pamakhala timitengo titatu, kamodzi pakhosi ndi tiwiri m'manja. Mitu imachotsedwa n'kusungidwa payokha sewero likatha, mwina chifukwa choti thupi limodzi limagwiritsidwa ntchito ndi mitu yambiri, komanso chifukwa cha chikhulupiriro chakale choti chidole chosiyidwa ndi mutu wake chikhoza kudzuka usiku.

Lusoli linayamba liti?

Zolemba za kumapeto kwa ufumu wa Han, umene unatha m'chaka cha 220, zimanena kuti zidole poyamba zinali za pamaliro, ndipo kuti pambuyo pake anthu anayamba kuzionetsanso pa maphwando. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, m'manda a nthawi ya ufumu womwewo ku Laixi m'chigawo cha Shandong munapezeka chifaniziro chamtengo chachitali masentimita 193, chokhala ndi mfundo zopindika. Palinso nthano yotchuka yonena kuti masewero a zithunzithunzi anayamba pamene wamatsenga wina anaonetsa Mfumu Wu ya ufumu wa Han chithunzithunzi cha mkazi wake wokondedwa, Li, amene anali atamwalira, koma akatswiri a mbiri yakale amaiona nkhaniyi ngati nthano chabe, poti umboni wodalirika wa masewero otere umayamba kuoneka m'nthawi ya ufumu wa Song, pakati pa zaka za 960 ndi 1279. Buku la Meng Yuanlao la m'chaka cha 1147, lokumbukira moyo wa mumzinda wa Kaifeng, limatchula oseweretsa zidole ndi mayina awo m'malo a zisangalalo a mumzindawo, ndipo zolemba za nthawi imeneyo zimasiyanitsa zidole za zingwe, za ndodo, za pamadzi ndi zoyendetsedwa ndi wonga. Mtundu wotsirizawu, umene moto wa wonga umazunguza zidole zomangidwa pamtengo wautali, ukadalipo ku Taishun m'chigawo cha Zhejiang.

N'chifukwa chiyani masewerowa amatchedwa luso la m'dera pamene China ndi dziko limodzi?

Luso la m'dera ndi luso limene kaimbidwe, chiyankhulo, zipangizo ndi nthawi yochitira zimachokera kwa anthu a malo amodzi, kotero kuti likachotsedwa pamalopo limataya mbali ina ya tanthauzo lake. China ali ndi ziyankhulo zambiri zimene eni ake samvana pakamwa ngakhale amalemba ndi zilembo zofanana, ndipo gulu lililonse la zidole limaimba m'chiyankhulo cha kwawo. Zidole za ku Quanzhou ndi Zhangzhou zimayankhula Hokkien, chiyankhulo cha kum'mwera kwa Fujian, chimene munthu wa ku Beijing sangamve. Za ku Quanzhou zili ndi nyimbo zawozawo zoposa 300, zotsogozedwa ndi ng'oma imene woomba amaikapo chidendene kuti asinthe kamvekedwe, ntchito imene phula womatidwa pakati pa ng'oma amagwira m'magule ambiri a ku Malawi. Ku Tangshan, m'chigawo cha Hebei, zifaniziro zimadulidwa pachikopa cha bulu ndipo oimba ena amadzitsina pakhosi ndi zala kuti mawu atuluke ang'ono ndi akuthwa, pamene ku Shaanxi amakonda chikopa cha ng'ombe, ndipo m'dera la Huaxian gulu lonse limakhala la anthu asanu ogawana kuimba, kuyendetsa zidole ndi kuliza zoimbira zambiri. Ku Huanxian, m'mapiri ouma a chigawo cha Gansu, katundu yense wa gulu ankakwana pamsana pa bulu mmodzi, ndipo sewero linkachitikira m'nyumba zokumbidwa m'zitunda, momwe alimi a kumeneko amakhala.

Kusiyana kumeneku ndiko chuma cha lusoli. Munthu wonena za zidole za ku China ngati chinthu chimodzi amalakwitsa mofanana ndi wonena za gule wa ku Malawi ngati kuti Ingoma ya ku Mzimba, Tchopa wa ku Thyolo ndi Beni wa ku Mangochi ndi chinthu chimodzi. Anthu a ku Fujian atasamukira kutsidya la nyanja anatenga zidole zawo, ndipo n'chifukwa chake budaixi inamera mizu ku Taiwan, pamene pachilumba cha Java ku Indonesia imadziwika kuti wayang potehi ndipo lero imaseweredwa m'ziyankhulo za komweko.

Kodi masewerowa ankachitika pa zochitika zotani, ndipo ankalipira ndani?

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa luso la kumudzi limakhala ndi moyo malinga ngati pali chochitika chimene sichingathe popanda ilo. Magulu a zidole ankaitanidwa pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mulungu wa pakachisi wa m'mudzi, pa ukwati, pa maliro, potsegulira nyumba kapena kachisi watsopano, ndiponso pamene banja likukwaniritsa chowinda, kutanthauza lonjezo limene linaperekedwa kwa mulungu pa nthawi ya matenda kapena ya kusowa mwana. Nsanja inkayang'ana ku khomo la kachisi, poti oonera oyamba anali milungu ndi mizimu ya makolo, anthu n'kumaonera nawo pambali, ndipo ngakhale pabwalo patakhala popanda munthu sewero linkapitirira. Ndalama zinkachokera ku banja loitanalo kapena ku zopereka za mudzi wonse, ndipo popeza gulu la zidole linali lotsika mtengo kuposa la zisudzo za anthu amoyo, midzi yosauka inkalikwanitsa.

Zidole za zingwe zinkaopedwa kuposa zina. Ku Fujian ndi ku Taiwan zinkagwiritsidwa ntchito popirikitsa mizimu yoipa pamalo pamene pachitika ngozi ya moto kapena imfa yadzidzidzi, ndipo pa mwambo wotere amayi oyembekezera ndi ana ankauzidwa kuti atalikire. Oseweretsa a ku Quanzhou ali ndi mulungu wawo wowateteza, Tian Du Yuanshuai, amene chidole chake chimatulutsidwa poyamba kuti chiyeretse nsanja. M'mwezi wa 7 pa kalendala yawo yachikhalidwe, pamene amakhulupirira kuti mizimu ya akufa imayendera amoyo, ankaonetsa sewero la Mulian, mwana amene anatsikira kumalo a akufa kukapulumutsa mayi ake, ndipo likaseweredwa lonse linkatha masiku asanu ndi awiri.

Kodi ku Malawi kuli luso lofanana ndi limeneli?

Masewero a zidole a nsanja ndi chinsalu si mwambo wodziwika pakati pa mitundu ya m'Malawi, ngakhale ku Africa kuno alipo, monga a Abamana ndi Abozo a ku Markala m'dziko la Mali, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake m'chaka cha 2014. Ena amafanizira zidole za ku China ndi zilombo zikuluzikulu za Gule Wamkulu, monga kasiyamaliro ndi chimkoko, ndipo pali pofanana ndithu, poti zonse zimakhudzana ndi maliro ndi mizimu ya makolo, ndipo zonse zimafuna kuti oonera aone chifaniziro osati munthu. Komabe kutcha chilombo cha kudambwe kuti chidole kungakhale kunyoza eni mwambo, ndiponso Gule Wamkulu ndi wa Achewa a m'chigawo cha pakati, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, osati wa ku Chitipa. Chimene chimalumikiza Chitipa ndi Fujian sichili pa zipangizo ayi, chili pa udindo wa luso limene ndi la anthu ochepa a dera limodzi koma latengedwa kukaimira dziko lonse.

Nanga Mwinoghe ndi gule wotani?

Boma la Chitipa, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili kumpoto kwenikweni kwa Malawi, kumalire ndi Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 230,000. M'bomali muli ziyankhulo zambiri kuposa m'boma lina lililonse m'dziko muno, monga Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe ndi Chitumbuka, ndipo magule nawo ndi ambiri, monga Sendemule wa Alambya ndi Mapenenga. Mwinoghe ndi gule wa Asukwa, Andali ndi Abandya, ndipo dzinalo m'Chisukwa limatanthauza kuti tisangalale. Ovina amandanda m'mizere iwiri yoyang'anizana, amuna mbali ina akazi mbali ina, n'kumapotokola thupi ndi kuponda masitepe ovuta mogwirizana. Palibe nyimbo yoimba pakamwa. Zonse zimatsogozedwa ndi ng'oma zitatu, yaikulu yotchedwa ing'ina ndi ziwiri zazing'ono zotchedwa twana, pamodzi ndi wezulo ndi mawu olamula a mtsogoleri wa gulu.

Chochititsa chidwi n'chakuti guleyu si wakale kwambiri. Anachokera ku Indingala, gule wamwambo wa m'boma la Karonga, ndipo anafika pa maonekedwe ake a lero cha m'zaka za m'ma 1950, n'kutchuka makamaka pakati pa ana a sukulu. Izi zikusonyeza kuti chimene chimachititsa luso kukhala la anthu a dera si kuchuluka kwa zaka zake, koma kuti anthuwo analitenga, n'kuliumba mwa njira yawo, n'kuyamba kulizindikira ngati lawo. Zidole za ku Taiwan zinayenda njira yomweyo, poti zinachokera kutsidya la nyanja ndipo lero anthu a pachilumbacho amaziona ngati chizindikiro cha dziko lawo.

Kodi chiyankhulo chili ndi gawo lanji pa moyo wa luso lotere?

Nkhani ya ku Taiwan imayankha funsoli momveka. M'chaka cha 1970 Huang Chun-hsiung, mwana wa katswiri wotchuka Huang Hai-tai, anaika zidole zovala m'manja pa wailesi yakanema, ndipo sewero lake lonena za ngwazi Shi Yanwen linakopa anthu mpaka kumveka madandaulo akuti alimi, antchito ndi ana a sukulu akusiya ntchito zawo masana kuti akaonere. M'chaka cha 1974 boma linaliletsa, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti linkayankhula Hokkien pa nthawi imene boma linkakakamiza anthu onse kugwiritsa ntchito Mandarin, chiyankhulo cha boma. Luso lodalira chiyankhulo cha dera limavulala nthawi iliyonse imene chiyankhulocho chaponderezedwa, ndipo lero ku Fujian vuto ndi lakuti ana ambiri a m'mizinda amakula akuyankhula Mandarin, motero nthabwala za chidole zimawadutsa.

Anthu a kumpoto kwa Malawi amaidziwa nkhani yotere, chifukwa m'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, pamene ziyankhulo zazing'ono za ku Chitipa sizinapatsidwe n'komwe malo. Pamenepa Mwinoghe ali ndi mwayi umene zidole zilibe. Popeza alibe mawu oimba, Mlambya, Mnyiha ndi mphunzitsi wochokera ku Mulanje angathe kuonera ndi kulowa m'bwalo popanda womasulira, ndipo n'zomveka kuganiza kuti m'boma la ziyankhulo zambiri chonchi gule wopanda nyimbo anali ndi mpata wofalikira msanga. Koma mwayi womwewo uli ndi mbali yake yodetsa nkhawa, poti gule amene angavinidwe ndi aliyense angathenso kuvinidwa ku Lilongwe ndi anthu osadziwa kumene Misuku ili, mayina a ng'oma ndi mawu olamula a Chisukwa ataiwalika, pamene nthano, miyambi ndi nyimbo za ziyankhulo za m'bomali, zimene sizioneka pa nsanja, zikuzimirira popanda wozilemba.

Chimachitika n'chiyani boma likatenga luso la kumudzi kukhala la dziko?

Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga ulamuliro ku China m'chaka cha 1949, magulu ambiri a mabanja anaphatikizidwa kukhala magulu a boma, ndipo gulu la zidole za zingwe la ku Quanzhou linakhazikitsidwa m'chaka cha 1952. Oseweretsa, amene kale ankaonedwa ngati anthu otsika, anayamba kulandira malipiro, kuphunzitsa m'sukulu ndi kuyenda kunja, ndipo akatswiri monga Yang Sheng wa ku Zhangzhou ndi Huang Yique wa ku Quanzhou anakweza lusoli kufika pamlingo wodabwitsa. Mtengo wa zimenezi unali wakuti miyambo ya pakachisi inatchedwa zikhulupiriro zachikale, zidole zinakulitsidwa kuti zioneke m'maholo akuluakulu, ndipo masewero ambiri atsopano analembedwera ana. Pa nyengo ya chipwirikiti ya Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, masewero akale analetsedwa ndipo mabokosi ambiri a zidole ndi mabuku olembedwa pamanja anatenthedwa, kupatula zimene mabanja ena anabisa. Magulu a kumudzi anadzukanso m'zaka za m'ma 1980, koma posakhalitsa anakumana ndi wailesi yakanema ndi kusamuka kwa achinyamata opita kukagwira ntchito m'mafakitale. Pamene zidole za ku Quanzhou zinkaonetsedwa pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Beijing m'chaka cha 2008, magulu ambiri a m'midzi anali atatsala ndi nkhalamba zokhazokha.

Ku Malawi, m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, magule a m'maboma onse ankatengedwa kukavinidwa pa misonkhano ya ndale ndi pa chikondwerero cha ufulu pa 6 Julaye, ndipo mawu a nyimbo zambiri anasinthidwa kuti atamande mtsogoleri. Mwinoghe, amene mpaka lero amavinidwa pa masiku a zikondwerero za dziko, analibe mawu oti wina awasinthe, komabe bwalo la boma limasintha gule m'njira zina: nthawi imadulidwa kuti igwirizane ndi ndondomeko ya mwambo, ovina amayang'ana kwa mlendo wolemekezeka m'malo moyang'anana, ndipo oonera amakhala pa mipando m'malo mozungulira bwalo. Kutchuka kotere sikoipa pakokha, ndipo kwathandiza kuti anthu a kum'mwera adziwe kuti Chitipa ali ndi luso lake, koma sikungalowe m'malo mwa kuvina kwa pamudzi kumene ana amaphunzirirako.

Kodi kulembedwa m'kaundula wa UNESCO kumathandiza chiyani?

Pangano la UNESCO la 2003 limateteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja, kutanthauza nzeru ndi maluso amene amakhala m'mitu ndi m'matupi a anthu, mosiyana ndi nyumba kapena mapanga. Dziko la Malawi linalowa m'panganoli m'chaka cha 2010. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalengezedwa m'chaka cha 2005 n'kulowa m'kaundula mu 2008, Tchopa analowa mu 2014, nsima mu 2017, Mwinoghe mu 2018 pa msonkhano wa ku Port Louis m'dziko la Mauritius, ndipo luso lopanga ndi kuliza sansi linalowa mu 2020 mogwirizana ndi dziko la Zimbabwe. Masewero a zithunzithunzi a ku China analowa mu 2011. Kulembedwaku sikubweretsa malipiro kwa ovina kapena oomba ng'oma. Kumapereka ulemu, kumapatsa boma udindo wopereka malipoti a zimene likuchita poteteza lusolo, ndipo kumapatsa eni luso poyambira pofunsa boma lawo kuti likwaniritse zimene linalonjeza.

Kodi anthu a ku Fujian anachitapo chiyani, ndipo Chitipa angatolepo chiyani?

Ataona kuti achinyamata sakubweranso kudzaphunzira, chifukwa maphunziro ake ndi aatali ndipo phindu lake ndi lochepa, akatswiri a zidole, madera awo ndi akuluakulu a chigawo cha Fujian anakonza ndondomeko m'chaka cha 2006, imene UNESCO inaisankha mu 2012 kukhala chitsanzo cha njira zabwino zotetezera chikhalidwe. Ndondomekoyi inaona kuti kuphunzitsa oseweretsa okha sikukwanira ngati palibe oonera, motero inayenda mbali ziwiri: kuphunzitsa akatswiri atsopano m'sukulu za luso, m'magulu ndi m'mabanja, komanso kutengera zidole m'sukulu za mkaka ndi za pulayimale kuti ana akule akuzidziwa. Analemba mabuku ophunzitsira, anasonkhanitsa masewero akale, amene ku Quanzhou kokha ndi oposa 700, ndipo anamanga malo oonetsera ndi osungira zidole. Sanaiwale osema mitu, amene popanda iwo palibe sewero, ndipo mayina monga Jiang Jiazou wa ku Quanzhou, amene anamwalira mu 1954, ndi Xu Zhuchu wa ku Zhangzhou, wochokera m'banja la osema a mibadwo ingapo, amalemekezedwa mofanana ndi a oseweretsa.

Pa mbali ya ana, Chitipa ali kale patsogolo, chifukwa Mwinoghe anakulira m'sukulu, achinyamata amamuphunzira poonera ndi kulowa nawo m'bwalo, ndipo magule a makolo ali m'maphunziro a sukulu za m'dziko muno. Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pa ng'oma. M'gule wopanda nyimbo nzeru yonse ili m'manja mwa anthu atatu oomba ndi mtsogoleri, ndipo masitepe amaphunzirika msanga kuposa kaombedwe, kotero kuti sukulu ikhoza kukhala ndi ovina makumi awiri koma woomba ing'ina n'kukhala mkulu mmodzi wa m'mudzi woyandikana nawo. Kuseri kwa woombayo kuli wosema ng'oma, amene amafuna mtengo waukulu woyenera ndi chikopa chabwino, pamene nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa m'mapiri a Misuku ndi zotetezedwa ndipo mitengo ikuluikulu ya m'minda ikuchepa. Kujambula kaombedwe ka magulu osiyanasiyana a Asukwa, Andali ndi Abandya, aliyense payekha ndi mayina a masitepe m'chiyankhulo chake, ndi ntchito imene mafoni a lero angaigwire pa mtengo wochepa, ndipo malo monga nyumba yosungira chikhalidwe ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, ali pafupi mokwanira kuti asunge zojambulidwazo.

Njira imodzi ya ku China ndi yofunika kuiganizira mosamala isanatengedwe. Boma la kumeneko limasankha akatswiri ena kukhala osunga luso ovomerezeka, ndipo m'chaka cha 2016 a pamlingo wa dziko lonse anayamba kulandira mayuan 20,000 pachaka kuti aziphunzitsa ena. Njirayi imayenerana ndi luso la m'banja monga kusema mitu ya zidole, kumene mwini nzeru amadziwika bwino, koma pa gule wa gulu ngati Mwinoghe kusankha munthu mmodzi kungadzetse nsanje ndi kuchititsa kuti kavinidwe ka mudzi umodzi katengedwe ngati koyenera kuposa ka midzi ina. Thandizo lopita ku magulu, kudzera kwa mafumu monga Mwenemisuku, makomiti a sukulu ndi khonsolo ya boma, logulira ng'oma ndi kulipirira ulendo wa magulu okavinirana m'midzi, lingagwirizane bwino ndi mmene guleyu wakhala akuyendera kuyambira m'zaka za m'ma 1950.